Liwu limodzi m'kaundula wa usiku

Ndinalakwira anthu awiri ndi liwu limodzi la Chingerezi, ndipo mmodzi wa iwo anali munthu wamkulu woti n'kubereka mayi anga. Nkhaniyi ndaisunga kwa nthawi yaitali, ngakhale kwathu sadziwa. Ndikuifotokoza lero chifukwa abale ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, ndipo usiku uliwonse amalemba za matupi a anthu ena m'chinenero chimene ambirife tinangochiphunzira pa bolodi.

Ndinabwera kuno boma litatsegula chitseko kwa osamalira okalamba. Mu February 2022 ntchitoyi inalowetsedwa pa Health and Care Worker visa, ndipo ambiri ochokera ku Zimbabwe, Nigeria, India ndi kwathu tinakwera ndege. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale ku Ntcheu, ndipo Chingerezi ndiye phunziro limene ndinkalinyadira. Mayeso a Chingerezi a IELTS sanandivute. Ndinafika ndili ndi mtima woti chimene chingandigwetse ndi kuzizira kapena kusowa nsima. Za chinenero sindinkaganizirako n'komwe.

Ntchito ndinaipeza m'nyumba ina yosamalira okalamba ku Nottinghamshire, dera limene kale linkadya malasha. Mgodi womaliza wa kumeneko, Thoresby, unatsekedwa mu 2015, ndipo abambo angapo amene tinkawasamalira anali anthu a pansi pa nthaka, mapapo awo atatha ndi fumbi.

Pa maphunziro oyambira anatiuza malamulo awiri amene akukhudza nkhani yanga. Loyamba linali pakhoma, pamwamba pa sinki iliyonse yosambira m'manja: "bare below the elbows". Kuyambira pa chigongono kutsika, mkono ukhale wopanda kanthu, osavala malaya a mikono yaitali, wotchi kapena chibangiri. Lamuloli linalengezedwa mu 2007 ndi nduna ya zaumoyo, Alan Johnson, pamene zipatala za kuno zinkalimbana ndi tizilombo ta MRSA ndi C. difficile. Chololedwa ndi mphete imodzi yaukwati, koma ikhale "plain", yopanda miyala kapena zogobagoba mobisala dothi. Lachiwiri linali la kalembedwe. Chilichonse chimene wachitira wokalamba umachilemba pa kafoni ka kuntchito, ndipo wotiphunzitsa anabwereza kangapo kuti tizilemba "plain". Ine ndinamva kuti akuti tisabise, tisazungulire, tinene chinthu mmene chilili ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Ndinadziuza kuti apa ndiyenera kusiya ulemu wa kwathu wophimba mawu, chifukwa azungu amafuna zapoyera.

Bambo amene ndikunenawa anali wa m'migodi. Anabwera m'nyumbamo chifukwa cha mapapo ndi chiuno chimene anathyoka, koma mutu unali bwinobwino. Ankawerenga nyuzipepala, ankakumbukira sitalaka ya anthu a m'migodi ya 1984 tsatanetsatane, ndipo nditawauza kuti agogo anga anapita ku Joni pa Wenela anandifunsa mafunso ambiri okhudza migodi ya golide kuposa amene ndikanatha kuyankha. Ankandiitana kuti "duck", monga anthu a dera limeneli amaitanira aliyense amene amasuka naye. Ankafuna kuti ndiziwatchula dzina lawo loyamba, koma pakamwa panga pankalemera. Usiku ankagona ndi okosijeni m'mphuno, ndipo pa chitseko chawo panali chikwangwani chochenjeza kuti "no naked flames".

Usiku umenewo tinali awiri pansanja yathu. Mnzanga anali mnyamata wa ku Zimbabwe amene agogo ake anachokera ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu. Chichewa ankachidziwa pang'ono, chokwanira kundiitana kuti chemwali, ine n'kumamuti achimwene. Mbali ya bambo aja inali yake, koma pa nthawiyo anali m'chipinda china akusintha zofunda za mayi wina amene anadziipitsira. Cha m'ma 3 koloko ndinatuluka mochapira zovala, ndipo ndinakumana ndi bambo aja m'kolido akuyenda ndi ndodo yawo kulowera kukhitchini. Anali atavala thalauza logonera. Malaya analibe, kumapazi kunalibe kanthu. Anati kuchipinda kwatentha kwambiri ndipo jagi ya madzi yauma. Ndinayang'ana kumbali monga ndinaleredwera, ndinawatengera madzi, ndinawaperekeza, ndinachepetsa chotenthetsera chipinda, ndinawabwezera okosijeni. Anathokoza n'kugona. Zonse zinatha mwamtendere.

Kenako ndinatenga kafoni kaja n'kulemba kuti ndawapeza "naked" m'kolido, ndawabwezera kuchipinda.

Ndaganiza kwambiri za chimene chinanditumiza ku liwu limeneli. M'mutu mwanga munali mawu akuti maliseche, ndipo kwathu mawu amenewa amatambasuka. Mayi akaona mwana wamkazi atavala siketi yaifupi amati ukuyenda maliseche. Bambo akatuluka chifuwa chili pamtunda alendo ali pakhonde, akazi awo amathamanga ndi malaya, amvekere musaonekere anthu maliseche. Ifenso amayi athu anakulira pansi pa lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo, ndiye tinayamwira maganizo oti thupi likangooneka malo osayenera, munthuyo wavula. Tikafuna kunena kuti munthu alibiretu kanthu m'thupi timawonjezera, timati ali mbulanda, ali buno bwamuswe. Ndinanyamula kutambasuka kumeneku n'kukuika pa liwu limene silitambasuka. Ndiponso ndinkakhulupirira kuti ndikumvera lamulo lija la "plain", kuti ndasankha liwu losabisa.

Mmawa ndinaweruka, ndinathimitsa foni, ndinagona. Pamene ndinkadzuka madzulo, nkhani inali itayenda kale mtunda wautali.

Wachiwiri kwa manijala anawerenga kaundula monga amachitira tsiku lililonse, ndipo anachita zimene aliyense wosamala akanachita. Kwa iye, munthu wokalamba wapezeka alibiretu chovala, pamalo odutsa anthu, usiku, popanda womuyang'anira. Zimenezi zimadzutsa mafunso awiri. Loyamba ndi loti mwina mutu wayamba kusokonezeka, pakuti okalamba amatha kubalalika mwadzidzidzi chifukwa cha matenda a m'chikhodzodzo kapena kuchepa kwa mpweya m'magazi. Choncho anaimbira dokotala, anatenga mkodzo kukayeza, anaika pansi pa bedi kamphasa kolira munthu akaponda. Lachiwiri ndi loti mwina wantchito wanyalanyaza udindo. Gawo 42 la Care Act 2014 limalamula khonsolo kufufuza pamene munthu wofunika chisamaliro akuganiziridwa kuti akuzunzidwa kapena kunyalanyazidwa, ndiye nyumbayo inatumiza lipoti ku khonsolo. Achimwene aja anauzidwa kuti asabwere kuntchito mpaka nkhani itamveka. Mwana wamkazi wa bambo aja anaimbiridwa foni ali kuntchito kwake, ndipo anafika akulira.

Atawafunsa eniake, anakana. Anati anali atavala thalauza. Koma munthu amene kaundula akuti wayenda mbulanda usiku akakana mmawa, omvera amaganiza kuti waiwala, ndipo kuiwalako kumasanduka umboni wina. Mental Capacity Act 2005 imati munthu aliyense atengedwe kuti maganizo ake ali bwino kufikira patapezeka umboni wotsutsa. Umboniwo ndinali nditaupereka ine.

Apa ndi pamene pali kulakwa kwanga kwenikweni, kumene sindingakukankhire kwa chinenero. Madzulowo wachiwiri kwa manijala anandiimbira, n'kundifunsa mwachindunji ngati ndinawapezadi "naked". Mawu ake anali olemera moti ndinazindikira kuti pali chinachake chimene sichili bwino. Ndikanatha kufunsa kuti vuto n'chiyani, kapena kufotokoza zonse zimene ndinaona. M'malo mwake ndinangoti inde. Ndinaopa kuti ndikayamba kusintha mawu aziti ndinalemba bodza, ndipo wolemba bodza m'kaundula amachotsedwa ntchito. Kwa ife obwera pa visa imeneyi, ntchito ikatha Home Office imakupatsa masiku 60 kuti upeze wina wokulemba, apo ayi uzipita. Ndinaganizira masiku 60 anga, osaganizira kuti achimwene aja, amene mkazi ndi ana awo anali pa visa yawo, anali atayamba kale kuwerenga awo.

Tsiku lotsatira anandiitana kuti ndikapereke sitetimenti. Manijala ankafunsa mwadongosolo, akulemba. Anafunsa nthawi, anafunsa kumene mnzanga anali, kenako anafunsa ngati thalauza lawo ndinalipeza pansi m'chipinda kapena pabedi. Ndinayankha kuti analivala. Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. Anabwereza funso mwa njira ina, ndinabwereza yankho. Sanandikalipire. Anangonena motsitsa kuti ndiye bamboyo wakhala akunena zoona kuyambira dzulo, n'kutuluka kukaimba mafoni.

Atabwerako anakhala nane pansi ndi pepala, ndipo zimene anandiphunzitsa, pamodzi ndi zimene ndinakafufuza ndekha mu dikishonale masabata otsatira, ndi zimene ndikufuna mnzanga aliyense azidziwe.

"Naked" akanena za munthu ndi thupi lonse, popanda chotsala. Ndi liwu lakale kwambiri, la Chingerezi choyambirira, lapachibale ndi "nackt" wa Chijeremani, ndipo limanyamula manyazi ndi kusowa chitetezo. Wolimva amaona munthu amene wasiyidwa poyera. "Bare" ndi lakalenso, koma limagwira chiwalo chimodzi chimodzi: mapazi, mikono, mutu, chifuwa. Lilibe mlandu. Munthu amene ali "barefoot" wangovula nsapato, amene ali "bare-chested" wangovula malaya. Liwu limene ndinkalifuna usiku uja linali pamwamba pa sinki imene ndinasambapo m'manja ndisanalembe, ndipo ndinkaliwerenga kambirimbiri pa shifiti iliyonse. Sindinaganizepo kuti liwu lonena za mikono yanga lingathenso kunena za chifuwa cha munthu wina. Pali ndi "shirtless", limene likanakwana. "Topless" amalinena kawirikawiri za akazi. "Undressed" n'losamveka bwino, chifukwa silinena kuti munthu wavula mpaka pati. Manijala anandichenjeza kwambiri pa "exposed". Ukalemba kuti chilonda kapena khungu lili "exposed" palibe vuto, koma ukalemba kuti bambo "exposed himself" wanena kuti waonetsa maliseche ake mwadala, umene ndi mlandu pansi pa Sexual Offences Act 2003. Thupi linandizizira poganiza kuti liwu limenelonso linali pafupi ndi zala zanga.

"Nude" linachokera ku Chilatini, ndipo limakhala kwa ojambula zithunzi, osema ziboliboli ndi magombe a anthu osambira osavala. M'kaundula wa odwala lilibe malo. M'masitolo limatchulanso mtundu wa masokosi aatali ndi nsapato zofanana ndi khungu, ngakhale kwa zaka zambiri khungu lake linali la mzungu yekha. Tesco inayamba kugulitsa mapulasitala a mabala a mitundu yosiyana ya khungu mu 2020.

Koma limene linandipweteka kwambiri ndi "plain", chifukwa ndi limene linandisocheretsa. Gwero lake ndi liwu la Chilatini lotanthauza chinthu chosalala, chopanda zitunda, n'chifukwa chake chigwa chachikulu amachitchanso dzina lomweli. Kuchokera pamenepo limanena chinthu chopanda zowonjezera. "Plain flour" ndi ufa wa tirigu wopanda zofufumitsa, "plain clothes" ndi zovala za wapolisi amene sanavale yunifolomu, mphete ya "plain" ndi yopanda miyala. Ukanena mkazi kuti ndi "plain" wamunyoza kuti si wokongola. N'zoona kuti limathanso kunena munthu wolankhula mosabisa, ndipo ndi tanthauzo limeneli lokha limene ine ndinagwira. Koma potiuza kuti tizilemba "plain", ankatanthauza kuti tilembe chimene maso aona, m'mawu osavuta, osathirapo maganizo athu. Kuno nkhani imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1979 Chrissie Maher anang'amba mafomu a boma ku Parliament Square podandaula kuti anthu wamba sangawamve, ndipo ndi mmene inayambira Plain English Campaign. Chimene ndinayenera kulemba chinali chachifupi: anavala thalauza logonera, analibe malaya ndi nsapato, amafuna madzi, anati chipinda chatentha, analankhula zomveka. Zimene ndinalembazo sizinali zimene ndinaona. Ndinalemba manyazi amene ine ndinamva poona chifuwa cha munthu wamkulu.

Ndinapempha kuti tifufute liwulo. Sizitheka. Kaundula wa chisamaliro safufutidwa, chifukwa oyendera a Care Quality Commission, madokotala ndi akhoti ayenera kuona zonse zimene zinalembedwa ndi nthawi yake. Umangowonjezera mzere wina pansi, wokonza, ndi tsiku lake ndi dzina lako. Madzi akatayika sawoleka. Ndinalemba mzere wokonzawo manja akunjenjemera, manijala ataima pambali kuonetsetsa liwu lililonse.

Kupita kwa bambo aja ndiye kunali kolemera. Ndinagogoda, ndinalowa, ndipo mawondo anga anafuna kugwada monga kwathu, koma ndinadziwa kuti ziwasokoneza. Ndinaima pafupi ndi mpando wawo n'kunena kuti, "Bambo, ndine ndinalemba. Ndinalakwitsa liwu, ndipo atandifunsa ndinaopa kukonza. Mundikhululukire."

Anakhala chete nthawi yaitali, makina a okosijeni akulira. Kenako anati, "Mwanawe, mwana wanga wandifunsa dzulo ngati ndikudziwa chaka chimene tili. Mwana amene ndinamuphunzitsa kuwerenga."

Ndinalibe choyankha. Patapita kanthawi anandiuza kuti ndiwerenge chikwangwani cha pa chitseko chawo. Ndinawerenga. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti lawi la "naked" ndi lotani. Anati ndi lawi lopanda chotchinga chilichonse, ndipo m'migodi limapha. Anandifotokozera za mpweya woyaka umene umatuluka m'malasha, za ngozi ya ku Felling mu 1812 imene inapha anthu 92, ndi za nyali imene Humphry Davy anapanga mu 1815, ya lawi lotchingidwa ndi kawaya kolukanalukana kuti lisayatse mpweyawo. Anati tsiku lililonse asanatsike ankawasecha m'matumba kufuna machesi ndi fodya. Pansipo kunkatentha moti amuna ankagwira ntchito malaya atavula, ena ndi kabudula yekha, ndipo palibe amene ankati mnzake ali maliseche. Moyo wawo wonse kutentha kukawakwana ankavula malaya. Lawi, anatero, limakhala lotchingidwa kapena losatchingidwa, palibe zapakati, ndipo munthu wa m'migodi salisewera liwu limenelo.

Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawaumirize. Anandipempha kuti ndichotse kamphasa kolira kaja. Ndinawauza zoona, kuti ndilibe mphamvu yokachotsa ndekha. Kanakhalabe mpaka dokotala ndi manijala atasainira, ndipo usiku uliwonse pa nthawi imeneyo, akangoponda pansi kupita kuchimbudzi, belu linkalira ndipo wina wa ife ankathamangira kuchipinda kwawo. Dzina lija la "duck" anasiya kundiitana nalo kwa miyezi.

Zotsatira za mkodzo zinabwera zopanda vuto. Khonsolo inatseka nkhani italandira sitetimenti yanga yatsopano. Ine ndinapatsidwa chenjezo lolembedwa, osati chifukwa cha liwu lija, koma chifukwa cha inde wa pa foni, ndipo ndikuona kuti chinali chilungamo. Achimwene aja anabwerera kuntchito. Ndinawapeza m'chipinda chopumira n'kupepesa m'Chichewa, chifukwa m'Chingerezi sindinkadzikhulupiriranso. Anati, "Chemwali, mukanangondiuza usiku womwewo kuti mwalemba chiyani." Anandiuza kuti mkazi wawo anali atayamba kale kufunsa mitengo ya matikiti opita ku Harare, ndipo ana anamva makolo akunong'onezana usiku. Mashifiti owonjezera amene ankadalira polipira lendi anawadutsa sabata imeneyo. Ndinafuna kuwabwezera ndalama, anakana. Ndinawagwirira shifiti ya pa Khirisimasi, anavomera. Patapita nthawi anapempha kusamukira ku mashifiti a masana, ndipo sitinagwirenso ntchito limodzi.

Mwana wa bambo aja ndinakumana naye pa khomo tsiku lina. Anandimvetsera mwaulemu, koma anandiuza kuti usiku wa tsiku limene analandira foni ija sanagone, anakhala pa kompyuta kufufuza nyumba zosamalira anthu odwala matenda oiwala, ndipo kuyambira pamenepo bambo ake akangoiwala dzina la munthu wa pa wailesi ya kanema, mtima wake umagunda.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti liwulo linapitiriza kugwira ntchito. Nyumba zimenezi zimalandira antchito aganyu pafupipafupi, ndipo aliyense watsopano amawerenga mwachangu mbiri ya anthu amene akawasamalire. Maso amagwera pa mzere woyamba, osafika pa wokonza. Usiku wina mtsikana waganyu anandifunsa ngati bambo a m'chipinda chakutichakuti ndi aja amayenda mbulanda, kuti azichenjera nawo. Ndinamufotokozera. Patapita masabata wina anafunsanso chimodzimodzi, ndipo wina ndinamupeza akulankhula nawo mokweza ndi mwapang'onopang'ono ngati akulankhula ndi kamwana. Ndinapita kwa manijala kukapempha kuti pa tsamba loyamba la ndondomeko ya chisamaliro chawo, limene aliyense amayamba kuwerenga, palembedwe kuti bambowa maganizo awo ali bwino, amamva kutentha usiku, amakonda kugona osavala malaya, ndipo jagi yawo ya madzi izidzazidwa asanagone. Manijala anati mawuwo akalembedwe pamodzi ndi eniake. Ndinapita ndi pepala kuchipinda kwawo, anawerenga, anasintha malo awiri, n'kusaina.